Mayi wa zaka 29 wotupa mimba: INR inali yokwera, koma magazi anali ataundana m'mitsempha ya chiwindi

Chidule

Lipoti ili ndi la mayi wa zaka 29 amene anagonekedwa m'wodi yathu mimba itatupa kwa milungu itatu, chiwindi chitakula ndiponso chikupweteka. Matenda ake anali a Budd-Chiari, ndiko kutsekeka kwa mitsempha yotulutsa magazi m'chiwindi. Gwero lake linali matenda a m'mafuta a m'mafupa otchedwa polycythaemia vera, opanga maselo a magazi mopyola muyezo, amene anabisala m'zotsatira za magazi zooneka ngati zabwinobwino, ndipo mapiritsi olera okhala ndi estrogen anangodzamalizitsa. Chandilembetsa kwenikweni ndi masiku awiri amene ndinamuchedwetsera mankhwala, nditanyengedwa ndi INR ya 1.8. INR ndi nambala ya kulabotale imene imakwera magazi akamachedwa kuundana. Zomudziwikitsa ndazichotsa, ndipo mwiniwake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe.

Mmene anabwerera

Analowa akuyenda chowerama, dzanja lamanja litagwira m'munsi mwa nthiti, mwamuna wake akumutsatira ndi chikwama. Anati mimba itayamba kukula anayesa pakati, ndipo anakapimitsa kawiri koma sanapezeke napo. Ululu sunali wobaya. Iye anaufotokoza kuti uli ngati chinthu cholemera chikukankha nthiti kuchokera mkati, ndipo akagonera mbali yakumanja ankalephera kupuma bwino. M'milungu itatuyo sikelo inachoka pa makilogalamu 58 kufika pa 64, chikhalirecho kudya anali atachepetsa.

Ali ndi ana awiri, womaliza wa zaka zitatu. Sanapitepo padera, sanatupepo mwendo, samwa mowa ndipo sasuta. Kubanja kwawo sanamvepo za munthu wodwala matenda a magazi kuundana. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo anasiya jakisoni wolera chifukwa msambo unkangobwera mosadziwika bwino, n'kuyamba mapiritsi ophatikiza estrogen ndi progestogen. Kuchipatala china kumene anayambira anamupatsa mankhwala a zilonda zam'mimba, kenaka mapiritsi okodzetsa, koma mimba inangokulirakulira.

Pomupima, thupi silinali lotentha, mtima unkagunda maulendo 96 pa mphindi ndipo BP inali 108/68. M'maso munali chikasu chochepa. Mimba inali itadzaza madzi, yonyezimira. Chiwindi chinkamveka masentimita 5 m'munsi mwa nthiti, chosalala, ndipo ndikangochikhudza mayiyu ankagwira dzanja langa. Kapamba ankamveka masentimita 3. Mitsempha ya m'khosi sinatupe, ndipo ngakhale nditadina pachiwindi sinadzaze. Chizindikiro chimenechi ndinachilemba m'faelo koma sindinachiganizire mokwanira. Munthu amene chiwindi chatupa chifukwa cha mtima, ukadina pachiwindi magazi amakwera m'khosi. Apa sanakwere chifukwa njira yochokera kuchiwindi kupita kumtima inali yotseka.

Zotsatira za kulabotale tsiku loyamba zinali motere. Hemoglobin 13.9 g/dL, hematocrit (gawo la magazi limene ndi maselo ofiira) 44%, MCV (kukula kwa maselo ofiira) 71, maselo oyera 12.4, mapulateleti (timaselo tothandiza magazi kuundana) 310. ALT 240 ndi AST 310 (zimakwera chiwindi chikavulala), bilirubin (wobweretsa chikasu) 48 µmol/L, albumin (puloteni wopangidwa ndi chiwindi) 29 g/L, creatinine 78 µmol/L, INR 1.8. HIV, hepatitis B ndi hepatitis C sizinapezeke, pakatinso panalibe. Madzi a m'mimba titawapopa anali achikasu, oyera bwino, maselo ake ochepa. Albumin wa m'madziwo anali 12 g/L, choncho kusiyana kwake ndi wa m'magazi kunali 17 g/L, kupyola malire a 11 amene amasonyeza kuti magazi akupanikizana m'njira ya portal, mtsempha wobweretsa magazi kuchiwindi kuchokera m'matumbo. Mapuloteni onse a m'madziwo anali 31 g/L. TB sinapezeke m'madziwo, ndipo sikani ya mtima inali yabwino.

Pomwe ndinalakwitsa

Sikani yoyamba inali wamba, yopanda Doppler, sikani yoonetsa mmene magazi akuyendera m'mitsempha. Inangonena kuti chiwindi n'chachikulu, kapamba wakula, madzi ndi ambiri. Madzulo a tsikulo namwino wamkulu wa m'wodi anandifunsa ngati tiyambe kumubaya heparin wochepa uja timapatsa odwala ogona pabedi kuti magazi asaundane. Ndinakana. Ndinati INR ili kale pa 1.8, magazi ake sakugwirana, tikawonjezera heparin titaya munthu ndi kukha magazi. Ndinalemberanso vitamini K, wothandiza magazi kugwirana, wa masiku atatu kuti nambalayo itsike.

Tsiku lachitatu nambala sinasunthe, madzi amene tinapopa anali atabwereranso ndipo bilirubin anafika pa 61. Ndinakhala pansi ndi faelo n'kuwerenganso zotsatira za madzi aja. Kusiyana kwa albumin kokwera pamodzi ndi mapuloteni ochuluka, kupyola 25 g/L, kumaloza malo amodzi: chotchinga chili kutsogolo kwa chiwindi, kumene magazi amatulukira. Chiwindi chouma ndi cirrhosis chimatulutsa madzi opanda mapuloteni ambiri, chifukwa timabowo ta m'makoma a timitsempha take tatsekeka ndi zipsera. Apa timabowoto tinali tidakali totsegula, ndipo madzi ankafinyidwa kudutsa momwemo pamodzi ndi mapuloteni ake. Ngati mtima uli bwino, chotsala ndi mitsempha ya hepatic, yotulutsa magazi m'chiwindi, kapena vena cava, mtsempha waukulu wowatengera kumtima.

Ndinapita naye ndekha kochitira sikani. Mtsempha wa hepatic wabwino umakhala ndi kaphokoso kake pa Doppler, kokwera ndi kutsika motsatira kugunda kwa mtima. Wojambulayo anaika kachipangizo kake pakati pa nthiti, n'kumuuza kuti, "Mayi, kokani mpweya, gwirani pomwepo." Pamtsempha wakumanja panali zii. Wapakati chimodzimodzi, mkati mwake mukuoneka chinthu chotuwa chodzaza njira yonse. Wakumanzere unali ndi magazi oyenda, koma pakamwa pake, polowera mu vena cava, panali popanikizika, ndipo mzere wake pagalasi unali wathyathyathya. Timitsempha tatsopano topindika ngati ndowe tinali titayamba kulumikiza mbali zotsekeka ndi mbali yotsegukayo. Gawo la chiwindi lotchedwa caudate linali litakula. Mtsempha wa portal unali wotseguka, koma magazi ake ankayenda masentimita 11 okha pa sekondi. Wojambulayo sananene kanthu, anangondiyang'ana. Sikani ya CT ya tsiku lomwelo inatsimikiza zonsezi, n'kuonetsanso kuti vena cava ndi yotseguka ngakhale caudate inkaikanikiza pang'ono.

Tisanabaye heparin tinatenga magazi opimira zoyambitsa kuundana, chifukwa zina mwa zimenezi mankhwalawa amazisokoneza. Vitamini K ndinaimitsa. Enoxaparin woyamba, mtundu wa heparin wobaya pansi pa khungu, analowa usiku womwewo.

Chifukwa chake magazi anaundana

Dzina la matendawa limachokera kwa George Budd, dokotala wa ku London amene anawafotokoza mu 1845, ndi Hans Chiari, amene mu 1899 analongosola mmene mitsempha yake imaonekera akaing'amba. Koma pofuna kumvetsa chimene chinachitikira mayiyu, munthu wothandiza kwambiri ndi Rudolf Virchow. Zinthu zitatu zimene timazitchula ndi dzina lake n'zakuti magazi amaundana akamayenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha likasintha, kapena magaziwo akakhala ofulumira kugwirana.

Chiwindi chimalandira magazi pafupifupi lita imodzi ndi theka pa mphindi. Magawo atatu mwa anayi a magazi amenewa amabwera ndi mtsempha wa portal kuchokera m'matumbo ndi kapamba, otsalawo amabwera ndi mtsempha wochokera kumtima. Onse amasakanikirana m'timitsempha ting'onoting'ono totchedwa sinusoid, n'kutuluka kudzera m'mitsempha itatu ya hepatic kupita mu vena cava. Njira yonseyi ilibe mphamvu yokankha yambiri. Kusiyana kwa mphamvu pakati pa polowera ndi potulukira sikupyola 5 mmHg mwa munthu wabwino. Ndi ngati madzi oyenda pachidikha: ukangoika kamwala, amayamba kudikha, ndipo pamene adikha m'pamene matope amakhazikika. Mwa odwala cirrhosis zinaoneka kuti liwiro la magazi a portal likatsika kupyola masentimita 15 pa sekondi, chiopsezo choti aundane chimakwera. Mayiyu anali pa 11. Mtsempha wake wa portal ndiwo unali wotsatira kutsekeka, ndipo zikanatero nkhaniyi ikanakhala ina.

Tsono INR ija. Chiwindi ndicho chimapanga mapuloteni ambiri oundanitsa magazi: factor II, V, VII, IX, X ndi fibrinogen. Chikadwala, amenewa amachepa ndipo INR imakwera. Mpaka apa palibe cholakwika. Chimene ndinaiwala usiku uja n'chakuti chiwindi chomwecho chimapanganso mabuleki: protein C, protein S ndi antithrombin. Amenewanso amachepa. Pamenepo pali ena awiri amene sachepa, amachita kuchuluka. Factor VIII amapangidwa ndi maselo a m'makoma a timitsempha, osati maselo enieni a chiwindi, ndipo pa matenda a chiwindi amakwera. Von Willebrand factor, amene amamatiza mapulateleti pakhoma la mtsempha, amachulukanso, pomwe ADAMTS13, lumo lomwe limamudula kuti asatalike, limachepa poti nalonso limapangidwa m'chiwindi. Mwa mayiyu protein C anali 38%, antithrombin 55%, factor VIII 240%.

INR siona mabuleki. M'thupi, thrombin, puloteni woundanitsa magazi, akapangidwa amakagwirana ndi thrombomodulin wa pakhoma la mtsempha, ndipo awiriwa ndi amene amadzutsa protein C kuti akazimitse factor V ndi factor VIII. M'kabotolo ka kulabotale mulibe khoma la mtsempha, mulibenso thrombomodulin, motero protein C sagwira ntchito, akhale wochuluka kapena wochepa. Kupimako kumangowerenga masekondi mpaka fibrin woyamba, ulusi wa magazi oundana, ataoneka. Mu 2005 Armando Tripodi ndi anzake ku Milan anaonetsa kuti ukathira thrombomodulin m'magazi a odwala cirrhosis, amapanga thrombin wofanana ndi wa anthu abwinobwino, ngakhale PT yawo, masekondi aja amene INR imachokerako, ili yotalika. Ndipo tisaiwale kuti INR inapangidwira anthu omwa warfarin, mapiritsi oletsa magazi kuundana. Ife tinangoibwereka kuti tiziyezera mphamvu ya chiwindi, ndipo pa ntchito imeneyo imathandizadi. Koma funso loti munthuyu akha magazi kapena aundana, INR siyankha. Mbali zonse ziwiri zachepa, sikelo yaima pakati koma yopepuka, ndipo kanthu kakang'ono kakhoza kuipendeketsa uku kapena uko.

Kwa mayiyu zopendeketsa zinalipo ziwiri, ndipo zinayamba chiwindi chisanadwale n'komwe. Estrogen wa m'mapiritsi amachulukitsa factor II, VII, X ndi fibrinogen, amachepetsa protein S ndi antithrombin, ndipo amachititsa kuti magazi asamamvere bwino protein C. Komabe amayi mamiliyoni ambiri amamwa mapiritsiwa osatsekeka mitsempha ya chiwindi. Ine ndimati dokotala akapeza mapiritsi olera n'kusiya kufufuza, waima panjira. Pafupifupi theka la odwala Budd-Chiari amapezeka ndi zoyambitsa zoposa chimodzi, ndipo chofala kwambiri ndi matenda a m'mafuta a m'mafupa opanga maselo mopyola muyezo.

Magazi akaundana, matendawa amayamba kudzidyetsa okha. Mtsempha umodzi wokha ukatsekeka, nthawi zambiri munthu samva kanthu, poti magazi amapeza njira zina. Iwiri ikatsekeka, timitsempha ta sinusoid timafufuma, maselo ofiira amathawira kunja kwa makoma ake, ndipo maselo a chiwindi oyandikana ndi potulukira, amene kale ndi kale amalandira oxygen wochepa, amayamba kufa. Chikopa chokuta chiwindi chimakokeka, ndiwo ululu uja wa m'nthiti. Maselo akamafa, protein C ndi antithrombin amatsikiratsikira, magazi a portal amadikha, ndipo chibulumwa cha magazi oundana chimakula. Caudate yokha imapulumuka chifukwa ili ndi timitsempha take tolowera mwachindunji mu vena cava, ndipo poti ntchito yonse yagwera iyo, imanenepa. Chibulumwa chatsopano thupi likhoza kuchisungunula ngati taletsa kuti chisakule. Chikakhalitsa chimalowedwa ndi maselo opanga zipsera, mtsempha n'kusanduka chingwe chouma chimene palibe mankhwala angachitsegule. Masiku anga awiri aja anadyedwa pa nthawi imeneyi.

Matenda obisala

Amene anandiloza njira ndi dokotala mnzanga woona za matenda a magazi. Anayang'ana pepala la tsiku loyamba lija n'kufunsa kuti, "Munthu wa kapamba wamkulu chonchi, magazi atapanikizana mu portal, mapulateleti 310 akuwatenga kuti?" Zoonadi. Kapamba wotupa amasunga mapulateleti, ndipo tikanayembekezera nambala yotsika. Kukhala kwake pakatikati kunkatanthauza kuti kwinakwake akupangidwa mochuluka. Anandionetsanso chiwerengero cha maselo ofiira, 6.2 miliyoni, chokwera kwambiri kwa mayi, koma maselowo ang'onoang'ono chifukwa ayironi anali atatha. Ferritin, muyezo wa ayironi wosungidwa m'thupi, anali 14, ndipo zimenezi zinali chiwindi chikupsa, pomwe ferritin amayenera kukwera.

Zinthu zitatu zinabisa matendawa. Madzi a m'magazi anali atachuluka chifukwa cha kupanikizana kwa mu portal, n'kusungunula nambala. Kapamba ankameza maselo. Kusowa kwa ayironi kunkaletsa hemoglobin kukwera. Malire a WHO oganizira polycythaemia vera mwa mayi ndi hemoglobin yopyola 16 kapena hematocrit yopyola 48%, ndipo iye sanafike n'komwe pamenepo. N'chifukwa chake wodwala aliyense wa Budd-Chiari ayenera kupimidwa jini ya JAK2, imene kusintha kwake kumaulula matendawa, magazi ake aoneke bwino kapena ayi.

Ndinabwerera kwa mayiyu kukafunsa zimene sindinafunse. "Mayi, thupi limakuyabwani mukasamba?" Anaseka pang'ono, kanali koyamba kumuona akuseka. "Adokotala, mwadziwa bwanji? Chaka chathachi ndasintha sopo kangapo. Ndikasamba madzi otentha ndimachita kudzikanda mpaka bambo akunyumba kundifunsa." Khungu lake linalibe ziwengo. Mutunso unkamuwawa pafupipafupi, koma ankati ndi kutopa ndi ana.

Kusintha kwa jiniyo kotchedwa JAK2 V617F kunapezeka. Kusintha kumeneku kunadziwika mu 2005, ndipo kumapezeka mwa odwala polycythaemia vera pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse. Si kobadwa nako, kumachitika m'selo limodzi la m'mafuta a m'mafupa munthu ali kale moyo. JAK2 ali ngati switchi imene imayatsidwa thupi likafuna maselo atsopano. Ikasintha motere imakanirira poyatsa. Maselo ofiira amachuluka ndipo magazi amalemera. Koma vuto si kuchuluka kokha, apo ayi mayi wa hematocrit ya 44% sakanaundana magazi. Mapulateleti ndi maselo oyera ochokera m'selo losinthalo amakhala okwiya, omatirira msanga kukhoma ndiponso kwa anzawo. Mwa odwala ena a Budd-Chiari kusinthaku kwapezeka ngakhale m'maselo a makoma a timitsempha ta m'chiwindi momwemo. Apa ndiye kuti zitatu zonse za Virchow zakumana pamalo amodzi.

Mlingo wa erythropoietin, homoni yolamula kupanga maselo ofiira, unali m'malire abwino koma chakumunsi, ndipo sunatithandize kwenikweni, poti chiwindi chovulala chimatha kuukweza. Kachidutswa ka mafuta a m'fupa la m'chiuno kanaonetsa mitundu yonse itatu ya maselo itachuluka. Zoyambitsa zina za kuundana kwa magazi, zomwe ndi Factor V Leiden, kusintha kwa prothrombin, ma antibody a antiphospholipid ndi PNH, zonsezi sizinapezeke. Wophunzira wina m'gulu lathu anafuna kulemba kuti mayiyu ali ndi vuto lobadwa nalo losowa protein C, poona 38% ija. Tinamuonetsa kuti factor II nayenso anali wotsika mofanana. Zonse zotuluka m'fakitale imodzi zikachepa pamodzi, vuto ndi fakitaleyo.

Chithandizo

Mapiritsi olera tinaimitsa tsiku lomwe tinaona Doppler. Enoxaparin tinapereka 60 mg kawiri pa tsiku, powerengera kulemera kwake kwenikweni kopanda madzi. Heparin wa m'dripi tinamupewa dala, chifukwa odwala amtundu uwu amagwidwa kawirikawiri ndi vuto lija heparin amagwetsa mapulateleti n'kuundanitsanso magazi. Mapulateleti tinkawawerenga kawiri pa mlungu. M'mawa mwake tinamuunika kummero ndi kamera, ndipo tinapeza mitsempha yotupa ing'onoing'ono yopanda madontho ofiira. Sitinaimange, ndipo sitinaimitse enoxaparin chifukwa cha iyo. Chimene chimaphulitsa mitsempha ya kummero ndi kupanikizana kwa magazi a portal, ndiye kusiya chotsekacho chikule ndiko kuitana kukha magazi kumene ukuopako. BP itakhazikika tinayamba carvedilol 6.25 mg pa tsiku wochepetsa kupanikizanako. Pa madzi a m'mimba tinapereka mapiritsi okodzetsa, spironolactone 100 mg ndi furosemide 40 mg, tinachepetsa mchere, ndipo tinapopa malita 4 kuti apume bwino.

Kufotokozera mwamuna wake kunali kovuta, ndipo wovutitsa ndinali ine ndemwe. Anandiimitsa pakhomo la wodi. "Adokotala, dzana munatiuza kuti magazi ake sakugwirana, munamupatsa mankhwala oti agwirane. Lero mukuti agwirana kwambiri. Zoona ndi ziti?" Ndinamuuza kuti, "Bambo, zoona ndi zalerozi. Dzana ndinawerenga nambala molakwika." Anakhala chete, kenaka anafunsa ngati masiku awiriwo awononga chinthu. Ndinamuyankha kuti akhoza kukhala atawononga, ndipo tiona pa sikani yotsatira.

Ndondomeko ya matendawa imakwera pang'onopang'ono: mankhwala oletsa kuundana, kenaka kutsegula mtsempha ndi baluni kapena stent (kachubu koletsa mtsempha kutsekekanso), kenaka TIPS, njira yoboola mkati mwa chiwindi yolumikiza portal ndi vena cava, ndipo pomaliza kuika chiwindi china. Patatha milungu iwiri ALT inatsika kufika pa 90 ndipo ululu unachepa, koma madzi ankabwererabe ndipo bilirubin anakanirira pa 50. Sitinadikire. Tinamutumiza kwa madokotala olowa m'mitsempha ndi waya. Iwo anadzera m'khosi, anapeza kuti popanikizika pa mtsempha wakumanzere m'pafupi, anapafufumitsa ndi baluni n'kuikapo stent. Wakumanja ndi wapakati waya anakana kulowa. Pa masiku khumi otsatira sikelo inatsika ndi makilogalamu 5, liwiro la portal linafika masentimita 19 pa sekondi, ndipo INR inatsika yokha kufika pa 1.3, popanda vitamini K.

Pamenepo m'pamene tinayamba warfarin. Tikanayamba INR ili pa 1.8, tikanapeza nambala ya 2 mwamsanga n'kudzinamiza kuti wodwala watetezeka, pomwe gawo lalikulu la nambalayo ndi la chiwindi chodwala. Enoxaparin tinapitiriza masiku opyola asanu mpaka INR itakhala pakati pa 2 ndi 3 masiku awiri otsatizana. Chifukwa chake n'chakuti warfarin amagwetsa protein C m'maola ochepa, pomwe factor II amatenga masiku, ndiye masiku oyambirirawo munthu amakhala pangozi yoposa kale.

Madzi atatha m'thupi, matenda obisala aja anatulukira poyera. Hematocrit inakwera kufika pa 49%. Tinamuchotsa magazi mamililita 300 kawiri, n'kuyamba hydroxyurea 500 mg pa tsiku wochepetsa kupanga maselo a magazi, cholinga chili choti hematocrit isapyole 45%. Panatsala pang'ono kuchitika ngozi ina yaing'ono. Pa kalata yotulutsira, dokotala wachinyamata anawonjezera mapiritsi a ayironi poona MCV ya 71. Namwino wamkulu uja ndi amene anazigwira. Kusowa kwa ayironi ndiko kunkagwira maselo ofiira kuti asasefukire, ndipo kumupatsa kukanakhala kuthira mafuta pamoto.

Za kulera tinakambirana atatu, iye, mwamuna wake ndi ine. Estrogen sadzamwanso. Warfarin ndi hydroxyurea zonse zimavulaza mwana m'mimba, motero kulera sikunali kosankha. Msambo woyamba ali pa warfarin unali wochuluka kwambiri, wa masiku asanu ndi anayi, ndipo tinagwirizana zoika lupu yokhala ndi levonorgestrel, imene imalera komanso imachepetsa magazi a msambo. Mayiyu anafunsa ngati angadzaberekenso. Ndinamuuza kuti amayi ena a matendawa amabereka, koma pamafunika kukonzekera miyezi ingapo, kusintha mankhwala onse awiri pakati pasanakhale, ndiponso kuyang'aniridwa ndi madokotala angapo. Anati aganize kaye.

Mmene alili

Papita miyezi 14 chitulukireni. Madzi sanabwerenso ndipo mapiritsi okodzetsa tinasiya pa mwezi wachisanu. Bilirubin ili pa 19, albumin 38, hematocrit 42%, mapulateleti 240. Protein C sitingamuyeze moona ali pa warfarin, koma antithrombin anabwerera pa 88%. Stent ndi yotseguka. Mtsempha wapakati ukuonetsa kanjira kakang'ono ka magazi m'mbali mwake. Wakumanja unauma, pa sikani umangooneka ngati kamzere koyera, ndipo mbali imeneyo ya chiwindi yafota pomwe yakumanzere ndi caudate zakula.

Warfarin adzamwa moyo wake wonse. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse timachita Doppler ndi kuyeza AFP, chizindikiro cha m'magazi cha khansa ya chiwindi, chifukwa chiwindi chimene chinakhalapo chopanikizika chimamera timibulu. Tambiri timakhala tosaopsa, koma khansa imatha kubisala pakati pake. Pa sikani yomaliza tinapeza kamodzi ka mamilimita 9 kumanzere, AFP ili yabwino, ndipo tamulembera MRI mwezi wamawa. Kuyabwa kuja kunachepa koma sikunathe, ndipo akuti masiku ano amasamba madzi ofunda pang'ono. Kabuku kake ka INR amayenda nako m'chikwama, ndipo ulendo wathawu anandionetsa yekha kuti nambala inatsika kufika pa 1.7 mlungu umene anaiwala mapiritsi masiku awiri.